Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Kusunga Nthaka ndi Madzi m'Minda ya m'Malokeshoni a Harare

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, malo ambiri opanda nyumba ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Kambuzuma, Glen View, Budiriro ndi Dzivarasekwa amasanduka minda. Anthu amalima m'mbali mwa misewu, pansi pa mawaya a magetsi, m'mphepete mwa njanji ndiponso m'madambo otsetserekera ku mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Ena mwa alimi amenewa ndi ana ndi zidzukulu za matchona amene adachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Northern Rhodesia kudzagwira ntchito mu mzinda umene panthawiyo unkatchedwa Salisbury. Mbewu amagula pang'onopang'ono, paketi ya kilogalamu imodzi kapena awiri, koma ndi ochuluka zedi, ndipo m'sitolo zambiri za zipangizo zaulimi ndiwo amayendetsa malonda m'miyezi ya Novembala ndi Disembala.

Chimanga chikalephera, mlandu umagwera mbewu ndi amene adaigulitsa. Komabe kawirikawiri vuto limakhala madzi: mwina adathamanga pamwamba n'kukokolola nthaka pamodzi ndi feteleza, mwina adadikha m'munda mpaka mizu kuwola. Alimi a m'dziko la Zimbabwe akhala akulimbana ndi mavuto awiriwa kwa zaka mazana ambiri. Mbiri yawo ikuonetsa njira zimene zidakhazikika ndi zimene zidakanidwa, ndipo ingathandize wogulitsa mbewu kudziwa choti anene kwa mlimi asanamupatse paketi.

Malamulo asanafike

Kumapiri a Nyanga, kum'mawa kwa dzikoli, kudakali mipanda ya miyala yoyenda mopingasa phiri, imene alimi akale adamanga kuyambira cha m'ma 1300 mpaka m'ma 1800. Ankatola miyala m'munda n'kuiunjika m'mizere kuti nthaka ikodwe kumtunda kwake, motero phiri linkakhala ngati masitepe. Ku Ziwa zimenezi zimaoneka bwino mpaka lero. M'zigwa zonyowa za dera lomwelo ankachita zosiyana: ankaunda mitumbira ikuluikulu yokhala ndi ngalande pakati, kuti mbewu ikhale pamwamba pa madzi. Alimi omwewo ankaletsa madzi kuthawa paphiri, n'kumawapatsa njira m'chigwa.

Matchona nawo adabwera ndi luso la kwawo. Ankadziwa kuunda matutu mokwirira udzu kuti uwolere momwemo, kulima dimba nthawi ya chilimwe, ndi kusakaniza chimanga, maungu ndi khobwe m'munda umodzi. Masamba a maungu ndi khobwe amaphimba nthaka, dontho la mvula limataya mphamvu lisanagunde pansi, ndipo chinyontho chimakhalitsa. Panalibe mlangizi wowakakamiza, pakuti phindu lake linkaoneka m'nkhokwe chaka chomwecho.

Nthawi ya milambala yokakamiza

M'chaka cha 1926 boma la Southern Rhodesia lidalemba ntchito Emory Alvord, mmishonale wa ku America, kuti atsogolere ntchito yophunzitsa anthu akuda ulimi. Alangizi ake ankaphunzira ku Domboshava, kumpoto kwa Harare. Lamulo logawa malo la 1930, Land Apportionment Act, lidapanikiza anthu ambiri m'madera osungidwira anthu akuda, amene ambiri mwa iwo anali a mchenga, ndipo nthaka idayamba kuguga. Nthawi yomweyo nkhani ya fumbi limene lidawononga minda ku America m'zaka za m'ma 1930 idachititsa mantha akuluakulu a zaulimi m'maiko onse a kuno. Motero kudabwera Natural Resources Act mu 1941, kenako Native Land Husbandry Act mu 1951. Mlimi aliyense adalamulidwa kukumba milambala, imene Ashona amaitcha makandiwa, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa.

Milambala imeneyi inkapendekeka pang'ono, kutsika mita imodzi pa mamita 250 aliwonse, chifukwa ntchito yake inali kutulutsa madzi m'munda mwadongosolo kupita ku ngalande ya udzu. M'mafamu akuluakulu a m'madera a mvula yambiri, kumene kunali mathirakitala ndi ngalande zosamalidwa, idathandiza. Kwa mlimi wa khasu, makamaka wa kudera louma, inali ntchito yothyola msana, inkadya gawo la munda, ndipo inkataya madzi amene iye ankawasowa. Mlambala ukagumuka pamalo amodzi, madzi onse osonkhanitsidwa ankatulukira pomwepo n'kukumba chigwembe choposa chimene chikadakhalapo.

Ku Nyasaland malamulo ofanana ndi amenewa ankadziwika ndi dzina loti malimidwe, ndipo ku Chigwa cha Shire anthu amakumbukira nthawiyo ngati nkhondo ya mitumbira. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ku Southern Rhodesia lamulo la 1951 lidasiyidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 chifukwa cha mkwiyo wa anthu. Choncho agogo a alimi ambiri a m'malokeshoni a Harare, ochokera mbali zonse ziwiri za Zambezi, adadziwa mlambala ngati chilango.

Lamulo lina la nthawi imeneyo lidakalipo. Kuyambira mu 1952 kudaletsedwa kulima pafupi ndi mtsinje, pamtunda wosakwana mamita 30. Malire omwewo akugwirabe ntchito pansi pa Environmental Management Act ya 2002, imenenso imaletsa kulima m'dambo popanda chilolezo cha bungwe la EMA.

Kusandutsa ngalande kukhala nkhokwe ya madzi

Munthu amene adaonetsa poyera kuti mlambala ungathe kusunga madzi ndi Zephaniah Phiri Maseko wa ku Zvishavane, wobadwa mu 1927 m'banja lochokera ku Malawi, amene adamwalira mu 2015. Atachotsedwa ntchito ya njanji chifukwa cha ndale, adabwerera kumunda wake wouma wa m'munsi mwa thanthwe. Adamanga timipanda tamiyala tochepetsa liwiro la madzi otsika pathanthwepo, ndipo m'kati mwa ngalande za milambala adakumba maenje akuya kuti madzi aime n'kulowa pansi. Adaimbidwa milandu kangapo chifukwa cholima pamalo onyowa, koma munda wake unkabereka ngakhale m'zaka za chilala, ndipo maenje otere lero amatchedwa ndi dzina lake.

Akatswiri nawo adatembenukira komweko. Ku Institute of Agricultural Engineering ku Hatcliffe, kumpoto kwa Harare, Henry Elwell ndi anzake adayesa mizere yokhazikika yotsekedwa ndi timizere topingasa, imene ku Malawi timaitcha ngonyeka. Kuyambira mu 1988 njirayi idayesedwa ku Domboshava ndi ku Makoholi, ndipo idachepetsa kwambiri kukokoloka kwa nthaka poyerekeza ndi kugaula kwa pulawo. M'zaka zomwezo za m'ma 1980, Brian Oldreive adasiya kugaula pa famu ya Hinton kufupi ndi Bindura, n'kuyamba kusiya mapesi pamwamba pa nthaka. M'ntchito yakeyo mudachokera Pfumvudza, ndondomeko imene boma la Zimbabwe lidaifalitsa m'dziko lonse kuyambira mu 2020. Munda wake ndi wa mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, wa mizere 52 ya maenje 28 uliwonse, kutalikirana masentimita 75 ndi 60, mapesi awiri phando lililonse, nthaka yophimbiridwa ndi udzu kapena mapesi.

Chimene chimasiyanitsa munda wa mu mzinda

Harare amalandira mvula yopitirira pang'ono mamilimita 800 pachaka, yokwanira chimanga. Vuto ndi kagwedwe kake: imabwera yamphamvu, kenako pamakhala ng'amba pakati pa nyengo. Madenga ndi misewu ya m'malokeshoni sizimwa madzi, motero munda wa kumunsi kwa nyumba umalandira mvula yake pamodzi ndi ya anthu ena. Nthaka nayo si imodzi. Kum'mawa, cha ku Mabvuku ndi Tafara, kwachuluka mchenga wochokera ku miyala ya nsangalabwi, wosachedwa kuuma ndi kusuluka. Madera ena ali ndi katondo, ndipo m'madambo muli makande akuda amene amadikha madzi.

Kuwerengera pang'ono kungaonetse kukula kwa nkhaniyi. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pamunda wa muyeso wa Pfumvudza, umene ndi masikweya mita 624, imasiya malita 12,480 a madzi. Ngati theka lathamanga pamwamba, mlimi wataya malita oposa 6,000 m'tsiku limodzi. Nthaka yokhuthala milimita imodzi yokha ikakokoloka pa hekitala, atayika matani 13 mpaka 15, ndipo imene imapita ndi ya pamwamba, mmene muli manyowa ndi feteleza wogulidwa movutikira.

Nthaka imeneyi sipita kutali. Mzinda wa Harare udamangidwa kumtunda kwa madzi amene anthu ake amamwa. Mukuvisi ndi Marimba amathira m'nyanja ya Chivero, imene idamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo madzi a m'mipopi ambiri amachokera momwemo. Madambo ndiwo amasefa madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. N'chifukwa chake dambo la Monavale, damu la Cleveland ndi Chivero zili m'gulu la malo asanu ndi awiri amene Zimbabwe idalembetsa mu 2013 pansi pa pangano la Ramsar.

Chinthu chachikulu koposa ndi umwini wa malo. Ulimi wa mu mzinda udakula kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene chilala cha 1992 chidakumana ndi kukwera mitengo kwa chakudya ndi kutha kwa ntchito. Koma mlimi wa ku Budiriro kapena Mufakose alibe chikalata cha munda wake. Chaka chamawa malowo angathe kugawidwa kuti pamangidwe nyumba, ndipo khonsolo ya mzinda yakhala ikutchetcha chimanga cholimidwa pamalo oletsedwa. Munthu wotere sangamange mpanda wa miyala wa ku Nyanga, ndipo kumuuza zokumba mlambala n'kubwereza mawu amene agogo ake adawakana. Zimene angalandire ndi njira zobweza thukuta lake m'nyengo yomweyo: maenje, ngonyeka, kuphimbira ndi kusakaniza mbewu.

Mafunso atatu a pa kauntala

Wogulitsa mbewu ndiye mlangizi amene mlimi wa m'lokeshoni amakumana naye kawirikawiri. Asanatsitse paketi pa shelefu, ndi bwino afunse kuti munda uli pamtunda, potsetsereka kapena kumunsi, kuti nthaka yake ndi mchenga, katondo kapena makande, ndiponso kuti mvula yamphamvu ikagwa madzi amatha msanga kapena amagona.

Pamchenga wa pamtunda, pamene madzi amathawa, pakufunika maenje okumbidwa mvula isanayambe, manyowa m'dzenje ndi kuphimbira. Mbewu yoyenera ndi yocha msanga kapena yapakatikati yopirira ng'amba. Feteleza wobereketsa agawidwe kawiri, chifukwa mchenga sumusunga, ndipo popeza nthaka yotere imakonda kukhala ya asidi, laimu amathandiza kuti fetelezayo agwire ntchito.

Potsetsereka, mizere iyende mopingasa. Ambiri amaunda mizere ya mbatata ndi chimanga yoloza kumunsi kuti madzi achoke msanga, koma mzere uliwonse wotero umasanduka khwawa. Ngonyeka ikhale yofupikirapo kuposa mzere, pafupifupi theka kapena magawo awiri mwa atatu a msinkhu wake, kuti madzi akachuluka adutse pamwamba pa ngonyeka osagumula mzere. Khobwe, nyemba kapena maungu pakati pa chimanga amatseka nthaka ndipo amapatsa banja ndiwo, choncho timapaketi ta mbewu zimenezi tiyenera kukhala pafupi ndi chimanga m'sitolo.

Kumunsi, pamene madzi amagona, maenje ndi oopsa: m'chaka cha mvula yambiri amadzaza, mbewu n'kuwolera momwemo. Apa nzeru ya m'zigwa za Nyanga ndiyo imagwira ntchito, mizere yaitali yokweza mizu pamwamba pa madzi. Koma ngati munda uli m'kati mwa dambo kapena pafupi ndi mtsinje, wogulitsa anene chilungamo: malowo ndi oletsedwa, chimanga chingathe kutchetchedwa, ndipo ndalama ya mbewu ndi feteleza ingalowe m'madzi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kasitomala wochenjezedwa amabweranso.

Kwa olima mbewu

Phunziro lomweli likukhudza amene mumachulukitsa mbewu pa mgwirizano ndi makampani. Chimanga cha SR52, chimene chidatulutsidwa mu 1960 pa malo a kafukufuku a ku Salisbury, chidatchuka m'minda imene inali ndi milambala ndi ngalande zosamalidwa. M'munda wa mbewu ya haibulidi, chigawo chokokoloka kapena chodikha madzi chimachedwetsa kukula kwa mapesi. Ngaiyaye za mizere yaimuna zimathothola mungu ndevu za mizere yaikazi zisanatuluke, zisononkho zimakhala za gweru, ndipo kuchotsa ngaiyaye kumavuta chifukwa mapesi samasulira pamodzi. Phesi lachikazi limodzi lotsalira lingathe kudetsa mbewu mpaka munda kukanidwa ndi oyendera. Kuyendera milambala mu Seputembala, kutseka pogumuka ndi kubzala udzu wa vetiva m'mphepete mwa ngalande n'kotsika mtengo kuposa kutaya munda wonse.

Chilala cha 2024, chimene chidachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti maiko awo ali pangozi, chidaonetsa kuti ngakhale mbewu yopirira ng'amba imafuna chinyontho chosungidwa m'nthaka. Nyengo ino isanayambe, wogulitsa aliyense aphunzitse anyamata ndi atsikana a pa kauntala mafunso atatu aja, asunge mbewu za nthawi zosiyana zakucha m'mapaketi ang'onoang'ono, ndipo ngati pali kamalo kuseri kwa sitolo, akumbe maenje khumi ndi mizere iwiri ya ngonyeka kuti ogula adzionere okha mmene madzi amaimira mvula yoyamba ikagwa.