Kampani Ina Ikatsekera Wosaona, Mlandu Ngwa Yani?

Pafupi ndi Namadzi, pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, pali Magomero, kumene kuli sukulu ya Kamuzu Vocational Rehabilitation and Training Centre yophunzitsa anthu aulumali ntchito zamanja. M'boma lomweli la Chiradzulu muli Nguludi, kumene koleji ya Montfort imasula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva. Tsono nkhani ya mwana wosaona amene watsiriza Folomu 4 ndipo akufuna malo pa intaneti si yachilendo kuderali.

Masiku ano koleji kapena bungwe lolemba ntchito limakhala ndi tsamba lakelake, koma ikafika nthaŵi yolemba fomu kapena yolipira ndalama, tsambalo limamtumiza munthu ku tsamba la kampani ina. Wosaona amadalira pulogalamu yomuŵerengera mokweza, monga JAWS kapena NVDA. Pulogalamuyo imaŵerenga mawu, osati chithunzi. Batani lopanda dzina imangolitcha batani, osanena ntchito yake. Ndipo zilembo zopotoka zija, zimene munthu amauzidwa kukopera potsimikiza kuti iye si makina, siiziona n'komwe. Apo ulendo wathera panjira. Mwana amene anakhoza mayeso payekha ayenera kupempha mnzake kuti amlembere, mwinanso kumuululira nambala yake yachinsinsi.

Eni bungwe angathe kusamba m'manja, namati tsambalo si lawo. Komatu gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malaŵi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene ndime 9 yake imatchula intaneti mosabisa. Mu 2024 kunabwera lamulo la Persons with Disabilities Act m'malo mwa malamulo a 1971 ndi 2012, ndipo bungwe la MACOHA linasanduka MACODA.

Maiko a European Union analemba malire a udindowu mu 2016. Ofesi ya boma siiŵerengedwa mlandu pa zinthu za wina zimene siinalipire, siinapange ndiponso siizilamulira. Muyeso umenewu ngwanzeru ngakhale kuno. Kulozera oŵerenga nkhani ya m'nyuzipepala n'kwina, kulemba kampani ganyu yotolera fizi n'kwinanso. Kampaniyo anaisankha ndi bungwe, osati wophunzira. Ndipo ngati palibe khomo lina loloŵera, tsamba la kampaniyo lasanduka khomo la bungwelo.

Chotero nthaŵi yabwino yokonza zinthu ndi pamene aŵiriwo sanasainirane. Mkulu wa koleji angathe kulembetsa m'panganomo kuti kampaniyo itsate malangizo a WCAG, amene bungwe la W3C linayamba kuwatulutsa mu 1999. Kenaka apemphe mphunzitsi wosaona kuti alembe fomuyo yekha, kuyambira pa dzina mpaka pa risiti, tsiku lotsekera lisanalengezedwe.