Ma TV aculuka, nanga olemba nthano ali kuti?

Masiku ano ngakhale kumudzi, tikacoka ku munda kapena ku msonkhano wa mphakati, tipeza ana aunjikana pa TV ya sola. Cimene akuonerera ndi mafilimu a ku Nigeria, ku India kapena ku Mexico. Tikawauza kuti aike seŵero la kwathu kuno, sipapita nthawi ayamba kuyasamula. Kodi tiwadzudzule?

Ife acikulire tikumbukira malemu a Julius Chongo ndi pologalamu yawo ya Poceza M'madzulo pa wailesi, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Analibe cithunzi, analibe gulu la oseŵera. Munthu mmodzi yekha anali kusintha mau, apa ndi nkhalamba, apa ndi mtsikana, apa ndi fisi, ndipo banja lonse linali kukhala cete kuzungulira wailesi mpaka nsima kuzizira. Mphamvu yonse inali m'nthano ndi m'kakambidwe kake.

Lero zipangizo zilipo. Zambezi Magic inatsegulidwa mu 2015, ndipo mu 2018 MultiChoice inayambitsa sukulu yophunzitsa acinyamata za mafilimu mu Lusaka. Caka comweco seŵero la Mpali linakopa anthu ambiri, ndipo tiganiza cifukwa cimodzi n'cakuti nkhani ya mlimi wa mitala si yacilendo kwa ife. Koma maseŵero ambiri angozungulira pamodzimodzi: bwana wolemera wa m'tauni, cibwenzi ca mseri, sing'anga, misozi. Gawo loyamba lisanathe, mapeto tawadziŵa kale.

Monga tionera ife, vuto lili pa wolemba. Ndalama zithera ku makamera, magalimoto ndi nkhope zochuka, wolemba n'kupatsidwa zotsala. Seŵero loonetsedwa masiku angapo pa sabata lidya nkhani ngati cigayo, ndiye munthu wolemba mothamanga, ali ndi njala, angobwereza za dzulo. Cinyanja cake naco cimveka ngati Cizungu covala citenje.

Pamene nkhani zili mbwee pakati pathu. Mlimi amene walipira gawo lake la fetereza koma thumba lifika cimanga citamasula kale. Mkazi wamasiye wolandidwa munda ndi abale a mwamuna. Mlandu wa malire pa bwalo la amfumu. Olemba nawonso tili nawo: aphunzitsi ndi acinyamata amene alemba maseŵero a Pasaka ndi Khirisimasi m'maparishi mwathu, chalichi n'kudzaza mpaka pa mawindo. Eni ma TV atuluke mu Lusaka, afike ku Chipata, Katete ndi Petauke, akawaone anthu ameneŵa ndi kukambirana nawo za malipiro.