Ndalama za amalonda pa kampeni za m'zigawo za United States

Ku United States, chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa ndi nyumba ya malamulo yakeyake, yomwe imakhazikitsa malamulo a misonkho, malipiro a antchito ndi ziphaso zamalonda. N'chifukwa chake eni makampani amathira ndalama m'kampeni za m'zigawo, pofuna kuti apambane anthu ndi mfundo zokomera malonda awo.

Mu 2010, pa mlandu wa Citizens United, Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma lisaike malire pa ndalama zomwe makampani amawononga paokha pokopa ovota. Mu 2020, ku California, Uber, Lyft, DoorDash ndi makampani ena anawononga madola oposa 200 miliyoni kuti anthu avotere Proposition 22, lamulo loti madalaivala awo asawerengedwe ngati antchito olembedwa. Lamulolo linadutsa.

Otsutsa mchitidwewu amati ndalama zotere zimaphimba mawu a anthu wamba.