Cipolopolo Cong'aluka Khosi ndi Ngozi kwa Mwini Mfuti

Kwa Mfumu Kambombo m'boma la Chama, mpunga ndi cimanga zikayamba kukhwima, njovu ndi nguluwe za m'dera la nyama la Musalangu zimafika m'minda usiku. Iyi ndiyo nyengo imene asilikali a nyama, pamodzi ndi anthu ocepa okhala ndi laisensi ya mfuti, amatulutsa zipolopolo zimene zagona m'nyumba dzinja lonse. Koma si cipolopolo ciriconse cimene ciyenera kulowa mu mfuti.

Khoko la cipolopolo ca mfuti yaikulu limapangidwa ndi brasi, ndiko kuti magawo 70 a mkuwa, monga uja ukumbidwa ku migodi, ndi magawo 30 a zinki. Kumapeto kwace khokoli liri ndi khosi lopyapyala limene limafinya mutu wa cipolopolo kuti usagwe. Popeza khosi liri cifinyire masiku onse, ndipo pamene mng'alu umayambira.

Amene anayamba kubvutika ndi ming'alu imeneyi ndi asilikali a Britain ku India. Mvula ikafika, iwo anali kusunga zipolopolo m'makola a akavalo, ndipo pozitulutsa m'cilimwe anali kupeza zambiri zitang'aluka zokha. M'caka ca 1921 akatswiri anapeza kuti woononga anali amoniya, mpweya wolasa m'mphuno uja umene umacokera mu mkodzo wa ziweto. Mpweyawu ukakumana ndi cinyontho umadya brasi wofinyika kufikira atasweka.

Ku Kambombo kulibe akavalo, koma amoniya alipo. Ali m'khola la mbuzi, m'zitosi za nkhuku, ndi m'thumba la feteleza wa yuriya limene lagwidwa ndi cinyontho. Munthu woika zipolopolo pa ngodya imodzi ndi feteleza, kapena m'cipinda cogona nkhuku, acita cimodzimodzi ndi asilikali aja.

Pali cinanso cimene cimang'alula khosi. Ku America ndi ku South Africa alenje ena amatola makoko oombedwa kale ndi kuwadzazanso onga. Poomba khosi limafutukuka, podzaza limafinyidwanso, tsono brasi amauma monga waya wopindidwa kawirikawiri. Alenjewo amafewetsa khosi la khoko lopanda kanthu ndi moto woyesedwa bwino, ndipo khoko lirilonse looneka mng'alu amalitaya. Muno m'Zambia kupanga zipolopolo popanda cilolezo ca Boma ndi mlandu, ndiponso kusendeza cipolopolo ca onga ku moto ndi kuitana imfa.

Khosi likang'aluka, mutu wa cipolopolo umagwedera ndipo supita kumene mlenje walozetsa. Moto wotuluka pa mng'aluwo umadya mkati mwa mfuti, ndipo nthawi zina mpweya wotentha umabwerera ku maso a woomba. Coopsya koposa ndi njovu kapena njati imene yangolasidwa osafa, pakuti imeneyo imasanduka mdani wa mudzi wonse, makamaka amai opita ku dambo ndi ana a sukulu.

Motero mwini mfuti asunge zipolopolo m'bokosi lotsekeka bwino, pamalo ouma, kutali ndi khola, feteleza, moto ndi ana. Asanapite ku munda aziyang'ane cimodzicimodzi pa dzuwa, ndi kuyendetsa cikhadabo kuzungulira khosi. Cimene ciri ndi mng'alu, mawanga obiriwira, kapena mutu wogwedera asaciombe ndipo asaciponye m'dzala mmene amatentha zinyalala, koma acipereke ku polisi ya ku Chama.