Sapitwa: chimapha ndi kuzizira

Mlendo akangosowa pa phiri la Mulanje, nkhani imathamanga kuti mizimu yamutenga. Zinali choncho mu Julaye 2009, pomwe mnyamata wina wa ku Brazil anabweza womuperekeza n'kukwera yekha ku nsonga ya Sapitwa. Mtembo wake unapezeka patatha milungu yoposa iwiri, ndipo chinamupha ndi kuzizira.

Chimawakoka alendowa n'chiyani? Nsonga yamiyalayi ndi yotalika mamita 3,002, palibe ina yoiposa m'Malawi muno. Okwera mapiri ali ndi ndandanda zawo zomwe amachongapo. Ena amasaka nsonga yayitali ya dziko lililonse, ena amatsata mapiri otchedwa Ultra, omwe amatumphuka mamita 1,500 kapena kuposa pamwamba pa mpata wowalumikiza ku phiri lalitali kuposa iwo. Sapitwa ali m'ndandanda zonse ziwiri. Wofuna kuchonga dzina sabwerera msanga, ngakhale mitambo itamuchenjeza.

Mukakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Wochoka ku Likhubula, m'munsi mwa phirili, atavala malaya opyapyala amakafika pamwamba thukuta lili noninoni, chiperoni n'kumupeza pamwala wopanda pobisala. Chovala chonyowa chimayamwa kutentha kwa thupi, mphepo n'kumakuulutsa. Kutentha kwa m'kati kukatsika kupitirira madigiri 35, thupi limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti magazi ofunda atsalire ku mtima. Zala zimauma, munthu amanjenjemera, lilime limalemera. Zikapitirira, kunjenjemera kumaleka, ndipo apa m'pamene anzake amanyengeka kuti wapeza bwino. Ubongo wozizira umasokonekera: munthu amasiya njira, amalowa m'mphanga, ena amavula ndi zovala zomwe, poti mitsempha ija ikatopa n'kumasuka, magazi amathamangira kukhungu ndipo amamva ngati akupsa.

Ndiye wina akapeza jekete pathanthwe, mwini wake osaoneka, basi umboni wa mizimu wakwana! Kulemekeza phiri la makolo sindikutsutsa. Chimandinyansa n'chakuti wokhulupirira kuti mnzake watengedwa safulumira kukamusaka, pomwe munthu wonyowa pamalo otere usiku umodzi ungamutsirize.

Mukafuna kukwera Sapitwa, nyamukani ku kanyumba ka okwera phiri ka Chisepo m'mamawa, ndi wokuperekezani wodziwa njira, mutanyamula chovala chosalowa madzi. Kachasu musiyeni kumudzi, amangokunamizani kuti mwafunda.