Buku losabwereketsa

M'caka ca 1998 ku America kunatuluka kamakina kowerengera mabuku, dzina lake Rocket eBook. Kanali kokwana m'manja, koma mkati mwake munali kulowa mabuku pafupifupi 10, ndipo munthu anali kuwerenga usiku popanda nyali. Mtengo wake unali madola 499. Caka comweco kunabweranso Rio PMP300 koimbira nyimbo za MP3, ndipo pambuyo pake eBookMan ya kampani ya Franklin inaphatikiza zonse ziwiri, kuwerenga ndi kumvetsera.

Koma taonani msampha wake, awerengi. Buku logulidwa pa Rocket eBook linali lokhomedwa kuti litseguke pa kamakina ka mwini wake cabe. Kupatsako mnzako kunali kosatheka, pokhapokha utamupatsa kamakina konse. Ife amene tinaphunzira anthu asanu pa buku limodzi lothothoka cikuto, ici cimatidabwitsa ndithu.

Mu 2000 kampani ya Gemstar inagula bizinesi imeneyi, ndipo mu 2003 inaleka kuigulitsa. Kamakina kakafa, mwini wake anali kutsala wopanda poonera mabuku amene analipira ndi ndalama zake.