TIMVETSE ZOTSATIRA ZA MAGAZI A MWANA WATHU

Ambiri mwa ife timapita ndi ana ku sikelo ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku zipatala zina za kufupi ndi Dzalanyama. Mayi akakhala ndi kachirombo ka HIV, magazi a mwana wake amayezedwa kangapo. Zotsatira zake zikamveka molakwika, banja limakangana, mwana amachotsedwa ku bere msanga, mwinanso makolo amaleka kubwera ku chipatala. Tiyeni tsono tidziwe chimene kuyeza kulikonse kumatiuza.

1. Kodi kuyeza kwa msanga kumaona chiyani?

Kachirombo kakalowa m'thupi, thupi limapanga zida zolimbana nako. Achipatala amazitcha ma antibody. Kuyeza kumene timakudziwa tonse, kobaya pa chala ndi kumva zotsatira nthawi yomweyo, kumafufuza zida zimenezi osati kachiromboko. Kwa munthu wamkulu zida zikapezeka ndiye kuti kachirombo kalimo, pakuti zidazo wapanga ndi iye mwini.

Kwa khanda n'zosiyana. Mwana ali m'mimba amalandira zida za mayi ake, ndipo zimatha kukhala m'magazi ake mpaka miyezi 18. Choncho khanda lingaoneke ngati lili ndi kachirombo pomwe lilibe. Zili ngati kupeza khasu la mayi m'manja mwa mwana: sizitanthauza kuti mwanayo ali ndi munda.

2. Nanga khanda amaliyeza bwanji?

Mwana akakwana masabata 6, amatenga timadontho ta magazi ku chidendene kapena ku chala chachikulu cha kuphazi, n'kutiumitsa pa kapepala kapadera. Kuyeza kumeneku kumatchedwa DNA-PCR ndipo kumafufuza kachirombo kenikeniko. Nthawi zambiri kapepalako kamatumizidwa ku labotale, motero zotsatira sizituluka tsiku lomwelo. Tisatope kukazifunsa.

Zikaonetsa kuti kachirombo kalimo, mwana amayamba ma ARV mosachedwa ndipo magazi ena amatengedwa kuti atsimikize. Tisazengereze: popanda mankhwala, pafupifupi theka la ana otere amamwalira asanakwane zaka ziwiri. Ndi mankhwala amakula, amaphunzira ndi kugwira ntchito ngati anzawo.

Zikaonetsa kuti kachirombo mulibe, tikondwere koma tisati zatha. Mwana angathe kukatenga pamene akuyamwa. N'chifukwa chake amayezedwanso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Pa miyezi 12 kuyeza kwa msanga kukaonetsa zida, amatenganso magazi a DNA-PCR kuti adziwe ngati zidazo ndi za mayi kapena za mwana. Yankho lomaliza limabwera mwana atasiya kuyamwa ndipo papita masabata osachepera 6.

3. Kodi CD4 ndi viral load n'chiyani?

Izi zimakhudza mwana amene wapezeka kale ndi kachirombo. CD4 ndi chiwerengero cha asilikali a m'thupi. Ana aang'ono mwachibadwa amakhala ndi asilikali ochuluka kuposa akuluakulu, choncho tisayerekeze nambala ya mwana ndi yathu. Kale munthu ankadikira kuti CD4 itsike asanayambe mankhwala, koma kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo m'Malawi muno amayamba nthawi yomweyo. Viral load ndi kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Ikakwera, achipatala amayamba aona ngati mwana akumwa mankhwala tsiku lililonse ndiponso ngati mlingo wake ukugwirizana ndi kulemera kwake.

4. Tichite chiyani podikira zotsatira?

Mu 2011 dziko lathu linakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo. Popanda chithandizo, ana 15 mpaka 45 mwa 100 obadwa kwa amayi otere amatenga kachirombo. Ndi chithandizo choyenera safika 5. Choncho:

(a) Mayi amwe mankhwala ake osadumphitsa.
(b) Mwana amwe Nevirapine masabata 6 oyamba, kenaka Bactrim monga anamwino alangizira.
(c) Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha, popanda phala, madzi kapena mankhwala azitsamba.
(d) Katemera aliyense alandiridwe pa nthawi yake.
(e) Bambo nawonso ayezetse, ndipo akonze za ulendo wa ku sikelo ngakhale nthawi ya dzinja misewu itaonongeka.

5. Ufulu wathu ndi udindo wathu

Tili ndi ufulu wofunsa kuti: “Kodi mwayeza zida kapena kachirombo? Tibwerenso liti?” Tipemphe kuti tsikulo lilembedwe m'buku la kuchipatala la mwana. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo ndipo limateteza chinsinsi chake. Zotsatira za mwana wa mnzathu si nkhani ya pa mjigo.

Mafunso okambirana m'magulu athu

1. N'chiyani chimalepheretsa makolo a m'mudzi mwathu kubwereranso ku chipatala pa miyezi 12 ndi 24?
2. Agogo ndi apongozi angathandize bwanji mayi kuyamwitsa bere lokha miyezi 6?
3. Tingathandize bwanji banja lokhala kutali ndi chipatala popanda kuulula chinsinsi chake?